Chitseko Chimene Mlongo Wanga Anatseka

Mlamu wanga anali mlenje wa nguluwe. Ankalima chimanga ndi fodya ngati wina aliyense kumudzi kwathu ku Ngauma, koma anthu ankamudziwa ndi agalu ake ndi mkondo wake wautali. Anakwatira mlongo wanga wamng'ono, nadzamanga nyumba pamudzi pathu monga mkamwini. Makolo athu ndi amalume athu atamwalira, unkhoswe wa banja limeneli unagwera ine, ngakhale ndinkakhala kutali, ku Cuamba, kumene ndimagulitsa zitsulo za njinga mu loja, sitolo ya mwini wake, mpaka lero.

Kwathu nguluwe si nyama ya nkhuli chabe, ndi mdani. Ikalowa m'munda wa chinangwa imasiya ngati padutsa makasu. Anansi athu achiyao, amene ndi Asilamu, sadya nguluwe, koma nguluweyo siyang'ana chipembedzo cha mwini munda. Ankabwera kwa mlamu wanga n'kunena kuti, "Bwerani mudzatenge ndiwo zanu, zikutimalizira chinangwa." Iye ankaseka. Ankakonda kuitanidwa choncho. Munthu akaitanidwa ndi midzi itatu inayi, mapewa amakula.

Ulenje wa nguluwe uli ndi mwambo wake, ndipo mbali yaikulu ya mwambowo imagwera mkazi. Mwamuna akatuluka ndi agalu, mkazi sachoka pakhomo mpaka mwamunayo atabwerako. Satseka chitseko, chifukwa amati akatero watsekera mwamuna wake kutchire. Sayandikana ndi mwamuna wina aliyense. Nyama ikatembenukira mlenje n'kumuvulaza, anthu safunsa zimene zachitika kutchire. Amafunsa zimene zachitika kunyumba. Tonse tinali anthu opemphera, koma mwambowu sunkatsutsana ndi munthu, choncho palibe ankaukana. Mlongo wanga ankausunga mosavutika. Ankati, "Iwo amasaka nguluwe, ine ndimalondera chitseko. Tonse ndife alenje."

Zimene zinachitika tsiku lija sindinazione ndi maso. Ndikunena monga anandiuzira mlongo wanga, ndipo palibe anatsutsapo mbali imeneyi.

Inali nyengo ya dzuwa, udzu utapsa. Amuna anapita ku uzimba m'mawa, kudambo la bango kumene nguluwe zinkagona. Akazi ambiri anali kumadimba. Mwana wa mlongo wanga, wamkazi, amene anali asanayambe kuyenda, anali atatentha thupi kuyambira dzulo lake. Dzuwa litakwera pang'ono anayamba kuphiriphitha, maso atatembenuka, thovu kukamwa. Mlongo wanga anaitana, koma panalibe woyankha. Anabereka mwana. Potuluka anakoka chitseko n'kutseka, chifukwa m'nyumbamo munali chimanga cha chaka chonse ndipo mbuzi za eni zinali pabwalo. Anathamangira kumsewu, naimitsa munthu wa mota, mmodzi mwa amene amanyamula anthu pa njinga yamoto pakati pa midzi yathu ndi Mandimba. Msewu wathu ndi wa maenje. Wokwera kumbuyo amagwira woyendetsa m'chiuno, apo ayi amagwa. Mlongo wanga anagwira.

Anafika kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu, chimene timangochitcha posto. Mwana anamubaya jakisoni, nayamba kupuma bwino. Mlongo wanga anakhala pakhonde, wa mota uja ataima pambali pake kudikira kuti awabweze kumudzi.

Ali pomwepo anaona amuna akubwera atanyamula munthu pa machira a mitengo ndi chitenje. Anali mwamuna wake. Nguluwe inali itamung'amba ntchafu kuyambira pabondo kukwera m'mwamba. Onyamulawo anatula machira, nayang'ana mkazi amene ankayenera kukhala pakhomo, nayang'ananso mwamuna amene anaima naye. Mmodzi wa iwo anangoti, "N'chifukwa chake."

Mawu amenewa anafika kumudzi dzuwa lisanalowe. Wina anakaona chitseko, napeza chotseka.

Bala linali lalikulu. Mlamu wanga anamutumiza ku Mandimba, ndipo kumeneko anamutumizanso ku Cuamba. Ndinamulandira ndine. Amayi ake anafika pa chapa, minibasi ya kwathu, m'mawa mwake, nayala mphasa yawo pafupi ndi bedi. Mlongo wanga anachedwa pang'ono, kudikira kuti mwana apeze mphamvu, kenaka anabwera naye kumsana. Ndinamuperekeza kuchipatala atanyamula chakudya m'kadengu. Apongozi ake anatiimira pakhomo la wodi.

"Mwabwera kudzamaliza?"

"Ndabwera kudzaona amuna anga, mayi."

"Ati? Amene ali pabedi, kapena a mota?"

Amayi ena odikirira odwala anasiya zimene ankachita. Ndinati, "Mayi, mwana anali kufa. Mdzukulu wanu yemweyu."

"Mdzukulu wanga ndi uyo, ali moyo, akuyamwa chala. Wanga ndiye akuwola mwendo. Inu bambo ndinu nkhoswe, tidzalankhula nthawi yake. Koma chakudya cha m'manja awa sichilowa muno."

Mlongo wanga sanalire pamenepo. Anandipatsa kadengu, nabwerera yekha kunyumba kwanga.

Kuyambira tsiku limenelo chakudya ndinkapita nacho ndine, masana ndikatseka loja. Ndinkanena kuti waphika ndi mkazi wanga. Zoona zake, mlongo wanga sankalola munthu wina kukhudza poto. Tsiku lina mlamu wanga analawa nkhwani wotendera, nasiya kutafuna. Anayang'ana kumene kunali amayi ake, kenaka ananong'ona kuti, "Dzanja ili ndikulidziwa." Anadya zonse, napukuta mbale ndi chala. Ndinaona ngati banja likadalipo.

Uku tili kuchipatala, kumudzi kunali zina. Anzake a mlamu wanga a ku uzimba anatenga zibonga ndi agalu omwe aja, napita kukafuna wa mota. Anamudikira pamlatho, anakafika kwa amayi ake, anafunsa mpaka pa siteji ya ku Mandimba. Iye atamva anasiya mota kwa mwini wake, nawolokera ku Malawi kwa abale ake. Anthu anati, "Mwaona? Wosalakwa sathawa." Sindidziwa munthu amene angaime phee akumva agalu a nguluwe akubwera kwawo.

Nditamva za kusakidwa kwa munthuyu ndinakumbuka aphunzitsi athu a Chingerezi ku sekundariya, ku Cuamba komweku. Anali munthu amene anaphunzira chinenerocho ku Malawi, kumene anathawira nthawi ya nkhondo. Tsiku lina analemba pabolodi liwu lakuti hunt, natiuza kuti Angerezi amalinena pa nyama, amalinenanso pa chinthu chotayika kapena ntchito, komanso pa munthu amene gulu lagwirizana kuti ndi wolakwa. Tinati ngati n'choncho palibe chachilendo, kusaka kwathu n'chimodzimodzi. Anavomera. Anangowonjeza kuti kusaka kwachitatuko anakuonapo ndi maso, ndipo sanafune kufotokoza. Ife tinalemba m'makope kuti tidzakhoze mayeso. Sindinaganize kuti kudzafika pakhomo pathu.

Bala litayamba kuuma, tsiku lina ndinapeza mlamu wanga ali yekha. Amayi ake anali kumpopi kukachapa. Anadya pang'ono, nakankhira mbale pambali.

"Alamu, inu simunasakepo nguluwe."

"Ine ndimasaka makasitomala."

Sanaseke. Anati, "Nguluwe ikatembenuka, mkondo suponya. Umagwada, n'kuzika thako la mkondo pansi, n'kudikira kuti ibwere yokha idzadzibaye. Ndi zimene ndimaphunzitsa anzanga. Ndachita zimenezi kuyambira ndili mnyamata."

Ndinasendera pafupi ndi bedi.

"Ija inali yamphongo, yaikulu. Inali itang'amba kale galu mmodzi pamaso panga. Itatulukira m'bango ndinaona mano ake. Ndinaponya, alamu."

"Munaponya?"

"Ndinaopa. Mkondo unangoipala pamsana n'kugwera uko. Ndinatsala manja okha. Anzanga anali kuseri kwa bango, palibe anaona."

Ndinamufunsa ngati akukhulupirira zimene anthu akunena za mkazi wake. Anapukusa mutu. Anati mkazi wake akumudziwa, ndipo akanakhala iye pakhomo akanathamanga ndi mwana chimodzimodzi.

"Ndiye mukanene zimenezi kumudzi," ndinatero.

"Ndidzanena. Ndichire kaye."

Ndinapita kunyumba ndi mtima wopepuka, ndinauza mlongo wanga zonse. Anandifunsa kawiri ngati ananenadi kuti adzanena. Ndinati ananena. Tsiku limenelo anasamba, nadzola mafuta, nayamba kuyankhula za mbewu ya chimanga imene anasunga kudenga.

Mwendo sanaudule, koma bondo linauma. Atatuluka m'chipatala amayi ake sanamubweretse pamudzi pathu. Anapita naye kwawo. Mlongo wanga anabwerera kunyumba kwake yekha ndi mwana, nayamba kusosa munda. Kuchitsime akazi anzake ankasiya nkhani iye akafika. Ana a eni anayamba kumutcha mayi a mota, ndipo ana satola dzina pamsewu, amalimva m'nyumba.

Mvula yoyamba itagwa, akuchimuna anatumiza uthenga kuti ankhoswe tikumane. Ndinapempha masiku ku loja, ndinakwera chapa mpaka ku Mandimba, kuchokera apo pa mota. Ndinagwira woyendetsa m'chiuno njira yonse.

Tinakhala pabwalo la mlongo wanga. Nkhoswe ya kuchimuna anali amalume ake a mlamu wanga, bambo aulemu, oyankhula motsitsa. Mlamu wanga anakhala pampando, mwendo atautambasula, ndodo pambali. Alenje anzake anakhala kumbuyo kwake. Kumbali yathu kunali ine, mlongo wanga, ndi azakhali athu okalamba.

Amalume aja anati, "Ife sitikunena kuti tinagwira munthu m'nyumba. Ayi. Tingofunsa. Mayi, tsiku lija munachoka pakhomo?"

"Ndinachoka, bambo."

"Chitseko munatseka?"

"Ndinatseka."

"Mwamuna wina munamugwira m'chiuno?"

"Ndinagwira, kuti ndisagwe ndi mwana. Nanga ndikanatani, bambo? Ndikhale pakhomo ndi mtembo kuti chitseko chikhale chotsegula?"

"Mukanatuma munthu."

"Ndani? Amuna onse anali ndi inu ku uzimba. Ndikanatuma mbuzi?"

Wina anaseka, koma apongozi ake anamudula ndi diso.

Nthawi yanga itakwana ndinanena kuti mwambo ndimaulemekeza, koma mwambo sunaikidwe kuti mwana afe. Ndinati nguluwe ili m'bango singadziwe ngati chitseko cha kumudzi chili chotseka. Mlenje wina kumbuyo anati, "A ku Cuamba atsegula sukulu. Tikatenge makope?" Anaseka ambiri. Amalume aja anakweza dzanja, nandifunsa mofatsa.

"Bambo, mwana wathuyu wapha nguluwe zambiri, osakandika ngakhale chala. Tsiku limodzi lokha limene kunyumba kwalakwika, nyama yamutembenukira. Inu mwaphunzira. Tiuzeni chinasintha n'chiyani, ngati si kunyumba."

Ndinayang'ana mlamu wanga. Ndinadikira. Iye ankayang'ana ndodo yake. Nditaona kuti sayankhula, ndinanena ndine. Ndinanena monga anandiuzira: nguluwe yamphongo, galu wong'ambika, mkondo woponyedwa, mantha.

Kenaka alenje aja anayamba kung'ung'udza. Mmodzi anati, "Awa? Kuponya mkondo? Amene anatiphunzitsa tonsefe kugwada?" Amayi ake anati ndikutukwana munthu wolumala kuti nditchinjirize mlongo wanga. Amalume aja anatembenukira kwa mphwawo.

"Wamva zimene anena alamu ako. Unanena?"

Mlongo wanga ankamuyang'ana, mwana ali pamiyendo. Kenaka mlamu wanga anati, "Ndinali ndi malungo a bala. Sindikumbuka zimene ndinkayankhula."

Sindinamutukwane, ngakhale ndinafuna. Ndinaona chimene chinali pabwalo paja. Panali mbiri za anthu awiri, ndipo imodzi yokha ndiyo ikanachoka yamoyo. Munthuyu mwendo unali utapita, ulenje utatha. Chimene anatsala nacho n'chakuti midzi inkamukumbukira ngati munthu amene sanaopepo nguluwe. Mwambo unamupatsa pobisala, ndipo anabisala. Kumvetsa kumeneku sikunandithandize kanthu, ndipo sikunathandize mlongo wanga.

Amalume aja sanafune kuti banja lithe. Ndikhulupirira kuti ankanena zoona pamenepa. Anati njira ilipo, yakalekale. Mkazi avomere kuti analakwa, apereke nkhuku, onse awiri asambe mankhwala, nkhani ithe, mwamuna abwerere m'nyumba mwake. Anati palibe adzafunse kuti analakwa motani.

Azakhali athu anakokera mlongo wanga kuseri kwa nkhokwe, ine ndinatsatira.

"Vomera, mwanawe. Nkhuku n'chiyani? Tonse tinavomerapo zinthu zimene sitinachite. Banja ndi kupirira."

"Nkhuku ndili nazo, azakhali."

"Ndiye vuto n'chiyani? Mvula yagwa iyi. Ulima wekha? Fodya apachika ndani?"

Mlongo wanga anatembenukira kwa ine. "Achimwene, inu mukuti bwanji?"

Ndinamuuza zimene ndinkaona. Ndinati akavomera, mwamuna abwerera, koma dzina lija likhala lake mpaka kumanda. Akakana, dzinalo mwina likhalabe, ndipo mwamuna apita. Ndinati zonse ziwiri n'zowawa, ndipo chimene asankhe ndidzaima nacho.

Anaganiza pang'ono, akugwedeza mwana. Kenaka anabwerera pabwalo, nagwada monga amachitira mkazi pamaso pa akuluakulu.

"Bambo, mwandifunsa zitatu, ndavomera zonse chifukwa ndinachita. Chachinayichi sindinachite. Mwana uyu adzakula. Sindifuna adzamve kuti amayi ake anapereka nkhuku chifukwa chomutengera kuchipatala. Amuna anga akudziwa zimene zinachitika m'bango. Akanena, chitseko ndi icho, n'chotsegula."

Tonse tinayang'ana mlamu wanga. Iye maso anali pa ndodo yake.

Amalume aja anandifunsa kuti nkhoswe ikuti bwanji. Ndinati mlongo wanga wayankha. Tsiku lomwelo alenje analowa m'nyumba natulutsa katundu wa mnzawo: zovala, njinga, wailesi, mkondo. Agalu anawamanga zingwe chifukwa ankakana kuchoka.

Mlongo wanga analima yekha chaka chimenecho. Fodya anamusiya, chimanga anakolola chochepa. Chimene chinamutopetsa si khasu. Amuna a pamudzi anayamba kumupatsa moni wamtundu wina, ndipo akazi awo anayamba kumuda chifukwa cha moni womwewo. Wa mota uja anabwerera patapita nthawi, koma ankadutsa mudzi wathu osaima, ngakhale munthu akweze dzanja. Zokolola zitatha mlongo wanga anandiuza kuti akusamuka. Ndinamupezera kanyumba ku Mandimba, nayamba kugulitsa nsomba zouma za kunyanja ya Amaramba mumsika.

Patapita zaka, mlamu wanga anafika pabenchi ya mlongo wanga mumsika akutsimphina. Mlongo wanga anandiuza kuti mwamunayo anakalamba msanga. Amayi ake anali atamwalira. Anakhala pa thumba la makala, nafunsa za mwana, nafunsanso mitengo ya nsomba ngati wogula. Kenaka anati kuno ku Mandimba palibe akudziwa nkhani ija, angathe kuyambiranso mwakachetechete.

Mlongo wanga anati, "Ine ndikuidziwa. Pitani kumudzi, mukaitane anthu omwe aja, mukanene zimene munauza achimwene kuchipatala. Mukatero mubwere, mudzandipeza pano."

Iye anati, "Ambiri a iwo anamwalira, mayi."

"Otsalawo akwana."

Anakhala mpaka msika unayamba kuphwasuka. Anasiya kathumba ka mtedza kuti apatse mwana, napita. Kumudzi sanaitane munthu. Ndimamuona nthawi zina ndikapita kumaliro. Timapatsana moni waulemu. Achinyamata amamuzungulira kuti awauze za nguluwe, ndipo amawaphunzitsa kugwada ndi kuzika mkondo pansi.

Mwana uja tsopano ali kusukulu ku Mandimba, wamtali ngati bambo ake. Tsiku lina anandifunsa chifukwa chake bambo ake amatsimphina. Ndinati nguluwe. Anafunsanso chifukwa chake sakhala ndi amayi ake. Ndinati akafunse amayi ake. Mlongo wanga akuti adzamuuza yekha akakula pang'ono, ndipo adzamuuza zonse, ndi za mkondo zomwe. Sindidziwa ngati n'koyenera kuti mwana amve zimenezo za bambo ake. Sindidziwanso ngati n'koyenera kuti asamve.

Nyumba ya kumudzi inagwa ndi mvula, pamalopo pamera maungu. Posamuka mlongo wanga anasiya zambiri, ngakhale mtondo. Koma chitseko anachizula, popeza chinali cha matabwa abwino a mlombwa. Tinachimangirira pamwamba pa chapa, kondakitala akudandaula njira yonse. Ndi chimene chili panyumba yake ku Mandimba. Amachitseka m'mawa uliwonse popita kumsika.